Locke Lamora ndi anzake: mbava izi tikuzikonderanji?

Nachisale
Moni nonse a pagulu. Dzulo usiku ndamaliza buku lija ndinagula kwa anyamata ogulitsa mabuku akale m'tauni, The Lies of Locke Lamora, lolembedwa ndi Scott Lynch, ndipo mpaka pano mtima sunakhale pansi. Ndichenjezeretu: amene simunalimalize lekezerani pompano, chifukwa ndiulula zonse, ndi za amene afa zomwe.

Kwa amene simukulidziwa, linatuluka mu 2006. Nkhani yake ikuchitikira ku Camorr, mzinda wongopeka wa pa tizilumba, kumene anthu amayenda pa mabwato m'ngalande ngati ku Venice. Mumzindamo muli nsanja zisanu zagalasi zimene unasiya mtundu wina wakalekale, galasi loti munthu sangaliswe kapena kulipanga. Locke ndi mwana wamasiye. Poyamba akukhala kumanda a Shades' Hill, kwa mdala wina amene amatola ana osowa kwawo n'kumawaphunzitsa kupisa m'matumba mwa anthu. Koma mwanayu nzeru zamuchulukira, akuchita zinthu zoika anzake onse pamoto, mpaka mdala uja akumugulitsa kwa Father Chains. Chains ameneyu masana amakhala pakhomo pa kachisi ali m'maunyolo, nsalu ili kumaso, anthu n'kumamuponyera ndalama poganiza kuti ndi wansembe wosaona. Chonsecho maso ali nawo bwinobwino. Pansi pa kachisiyo pali nyumba yobisika, ya khitchini, mosungira ndalama ndi chipinda chodzaza zovala zamitundumitundu. Kumeneko amaphunzitsa ana ake zilankhulo, masamu, kuphika, kadyedwe ka pa tebulo la mabwana, kuti akadzakula asamatsomphole tizikwama kumsika koma azidzapusitsa anthu olemera.

Theka loyamba ndimangoseka mpaka ana kumandifunsa kuti amayi mukuwerenga chiyani. Locke wadzisandutsa Lukas Fehrwight, wamalonda wochokera ku Emberlain, ndipo akunyengerera Don Lorenzo Salvara ndi mkazi wake Sofia kuti aike ndalama zawo populumutsa migolo ya mowa wodula wa Austershalin nkhondo isanabuke kwawoko. Ndiye usiku Locke yemweyo akulowa m'nyumba ya Don atavala ngati wapolisi wachinsinsi, n'kumuuza kuti bwana, Fehrwight uja ndi kathyali, akukuberani, koma pitirizani kumupatsa ndalamazo kuti timugwire bwino. Munthu wauzidwa zoona zenizeni, ndipo zoonazo ndiye zamumanga manja. Apa ndinaika buku pansi n'kuwomba m'manja.

Kenako akutulukira Gray King, munthu wachinsinsi amene akupha atsogoleri a mbava mumzindamo. Nazca, mwana wamkazi wa mfumu ya mbava, akufa. Calo ndi Galdo, mapasa a m'gulu la Locke, akuwapeza atadulidwa kukhosi m'nyumba mwawo momwe. Bug, kamwana ka m'gulu lomwelo, akulasidwa Locke akuona. Ndinakwiya ndi mlembi, ndinamva ngati wandiitanira kuukwati n'kukandipezetsa maliro. Koma lero nditadzuka ndaona kuti popanda maliro amenewo bukuli likanangokhala nthabwala zazitali. Funso langa ndi ili: kodi ndine ndekha amene ndinalirira mbava?

Wakujoni
Simuli nokha achemwali. Ine ndinalimvera pa foni, lowerengedwa ndi Michael Page, popita ndi pobwera kuntchito kuno ku Johannesburg. Pofika pa imfa ya Bug ndinali m'takisi, ndinachotsa mahedifoni n'kungokhala duu mpaka potsikira. Mwana uja sanafe mwangozi. Munthu amene anabwera kudzawapha anali ndi muvi umodzi wokha pa uta wake, ndipo Bug anadziponya kuti muviwo upite kwa iye. Kuyambira kumayambiriro akuluakulu aja amangomunena kuti ndi wophunzira chabe, sanafike pokhala mmodzi wa iwo. Locke akumupatsa dzina la gulu pamene mwanayo akutsirizika. Pamenepo mpamene panandipweteka.

Bambo a Yamikani
Ndiyankhulepo zosiyana pang'ono, mundikhululukire. Buku ndaliwerenga lonse ndipo kulemba munthuyu amatha, sindikana. Koma kuombera m'manja kathyali ine sindingathe. Chaka chatha mayi anga kumudzi anaimbiridwa foni ndi munthu woyankhula mwaulemu kwambiri. Anawauza kuti mwana wawo, kutanthauza ine, wachita ngozi ndipo pakufunika ndalama zamsangamsanga kuti amuthandize. Dzina langa amalidziwa, kumene ndimagwira ntchito amakudziwa. Mayi anathamanga kukatumiza ndalama zonse za mtedza umene anagulitsa. Chimene chinawapweteka kwambiri si ndalama ayi. Ndi manyazi. Anakhala milungu iwiri osandiuza, ndipo mpaka lero foni ikalira nambala yachilendo manja amanjenjemera.

Ndiye ndikamawerenga Locke akukonza kuti Don Salvara apeze Fehrwight akumenyedwa ndi achifwamba pa kanjira, n'cholinga choti Don amupulumutse n'kuyamba kumukhulupirira, ine ndimaona munthu uja wa pafoni. Njira yake ndi imodzimodzi. Sakukubera chifukwa ndiwe wopusa, akukubera chifukwa uli ndi chifundo. Don Salvara analowa mumsampha chifukwa anaona munthu akuphedwa n'kulephera kungodutsa.

Nachisale
Pepani kwambiri bambo a Yamikani, mayi awo Mulungu awatonthoze. Mwandipangitsa kuganiza, chifukwa zoona, Don anakodwa pa mtima wake wabwino. Ngakhale tisaiwalenso kuti phindu limene Fehrwight anamulonjeza linamutsegula maso, ndiponso anali ndi mdani wake pamalonda amene samafuna kuti mwayiwo upite kwa iye. Dyera linalipo. Koma chimene ndimadzitonthoza nacho n'choti anyamatawa amabera olemera okhaokha, anthu oti ngakhale atawachotsera theka la chuma mawa adya nyama.

Bambo a Yamikani
Okhaokha? Nanga Benjavier?

Nachisale
Ndikumbutseni.

Bambo a Yamikani
Woperekera zakudya uja wa ku nyumba ya ndalama ya Meraggio. Gray King atawalanda zonse, Locke alibe ngakhale chovala choti n'kuonekera nacho kwa a Salvara. Akupita kwa Meraggio, akunyengerera wantchito ameneyu kuti amubwereke yunifolomu, akumupatsa kangachepe. Kenako akutembenuka n'kuuza Meraggio kuti pali chiwembu chofuna kumupha ndipo wantchito wake uja ali momwemo. Munthu akugwidwa, akuzunzika, ntchito yatha. Pamapeto Locke akumupatsa ndalama kuti athawe mumzindamo, basi. Munthu amene anadzuka m'mawa kupita kuntchito ngati masiku onse, madzulo alibe ntchito, alibe kwawo. Mlembi akudutsapo mwachangu chifukwa ife owerenga tili kalikiliki kusangalala kuti Locke watuluka atavala zovala za Meraggio mwini wake. Ine pamenepo sindinaseke.

Nachisale
Ayi apa mwandigwira. Ndinawerenga gawo limenelo ndikusangalala ndipo munthuyo dzina lake ndinaliiwala kale. Zandichititsa manyazi ndithu.

Aphunzitsi a ku Dedza
Ana anga, ndalowa mochedwa koma ndawerenga zonse. Mayi Nachisale, musachite manyazi. Nkhani yokondwera ndi wochenjera sinayambe ndi mzungu uyu. Tonsefe tinakula ndi Kalulu. Amakana kukumba nawo chitsime, madzi n'kumadzamwa. Amapusitsa Njovu ndi Mvuu kuti azikokana chingwe iye ali phee patchire. Agogo akamasimba, ndani wa ife amene ankakhala kumbali ya Njovu? Tinkakonda Kalulu chifukwa ndi wamng'ono, ndipo mwana aliyense amadziwa kuwawa kwa kukhala wamng'ono pakati pa akuluakulu. Locke ndi chimodzimodzi. Ndi wochepa thupi, ndewu satha, lupanga m'manja mwake n'chimodzimodzi mthiko. Chida chake ndi pakamwa.

Koma bambo a Yamikani akunena zoona, ndipo nthano zathu nazonso zimadziwa zimenezo. Kalulu uja pachitsime anadzagwidwa ndi Kamba, nyama imene ankaiderera. Ndinaphunzitsa ana zaka zambiri ndipo ndinkaona kuti mwana amasangalala kawiri: Kalulu akapusitsa, ndiponso Kalulu akagwidwa. Chimene ndinalikondera bukuli n'choti Locke naye akugwidwa. Akuikidwa mu mgolo wa mkodzo wa akavalo n'kuponyedwa m'madzi, nzeru zake zonse zija osamuthandiza kanthu, mpaka Jean, mnzake wapamtima, ndi Bug kudzamuvuula. Ndipo mlembi anayamba kalekale kutikonzekeretsa. Kumbukirani chifukwa chimene mdala wa kumanda anamugulitsira. Ali kamwana, Locke anafuna kubwezera mnyamata wina wamkulu amene ankamuzunza, anamubisira ndalama yamtengo wapatali pogona pake n'kumunamizira kuti akudya ndi apolisi. Mnyamatayo anaphedwa, pamodzi ndi mnzake amene sanalakwe chilichonse, ndipo imfa zina zinatsatirapo. Chains atamva sanamuyamikire kuti ndiwe wochenjera. Anamulamula kuti alipire nsembe ya aliyense amene anafa, ndi ndalama zoba ndi manja ake, ndipo mpaka atamaliza azivala dzino la shaki m'khosi. Buku loti likungotamanda ukathyali silingayambe motero.

Wa ku Chanco
Aphunzitsi, za Kalulu ndagwirizana nazo. Ine dandaulo langa ndi lina, ndipo palibe amene walitchula. Akazi. Nazca Barsavi ndi munthu wanzeru kuposa azichimwene ake onse awiri, bambo ake akudziwa, Locke akudziwa. Tikumuona ali kamtsikana kovala nsapato zachitsulo, tikumuonanso atakula akuwerengera bambo ake ndalama, ine n'kumati eya, uyu ndiye adzagwedeza mzindawu. Masamba ochepa kutsogolo akumubweretsa ali mtembo mu mgolo. Anaphedwa kuti bambo ake apenge ndi ukali, nkhani ya amuna ipite patsogolo. Ndiye pali Sabetha, mkazi yekhayo wa m'gulu la Chains, amene Locke amamukonda mpaka kudwala naye. Buku lonse timangomva dzina. Sakuonekera ngakhale pa tsamba limodzi, ngakhale m'magawo aubwana amene anayenera kukhalapo. Zinandinyansa.

Anaphiri ku Leeds
Mng'ono wanga, za Nazca ndili nawe, imfa ija inabwera msanga. Koma usaiwale kuti munthu amene anamutulukira Locke ndi gogo. Mzinda wonse umaopa Spider, mkulu wa akazitape a mfumu, aliyense akuganiza kuti ndi chimunthu chachimuna cha lupanga. Chonsecho ndi Doña Vorchenza, mayi wokalamba amene anthu amangomuona akuluka ndi kumwa tiyi ndi akazi a mabwana. Akaziwo akamadandaula za m'nyumba zawo, iye ndiye akutolera nkhani. Ndipo anayamba kukayika ndani? Sofia Salvara, osati mwamuna wake. Iye ndi amene anapita kwa gogoyo kukanena kuti apolisi achinsinsi abwera kwathu usiku koma china chake sichikumveka. Gogo uja anadziwa pompo kuti sanatume munthu. Amuna onse a ku Camorr anapusitsidwa zaka zingapo, akazi awiri anaitulukira nkhani pa kapu ya tiyi.

Ine ndimagwira ntchito yosamalira okalamba kuno, ndipo ndimaona tsiku ndi tsiku mmene anthu amayankhulira pamaso pa gogo ngati palibe munthu. Mlembi anachiona chimenecho n'kuchisandutsa chida.

Wa ku Chanco
Chabwino anti, koma Locke akumuchita chiyani gogoyo? Wamubaya ndi singano ya poizoni, wanyamula mankhwala ake m'manja, akuti ulula ndikupatse. Locke akungomumenya chibakera n'kulanda kabotolo. Anthu ambiri amati pamenepo mposeketsa. Ine sindinaseke.

Anaphiri ku Leeds
Inenso sindinaseke, koma ndinamvetsa. Gogoyo anazolowera kuchita ndi anthu aulemu wa kubwalo la mfumu, anaiwala kuti amene wakhala patsogolo pake anakulira kumanda. Ndipo taona kuti pamapeto ndi yemweyo amene akusankha a Salvara kuti adzalowe m'malo mwake. Za Sabetha, pirira. Akubwera m'buku lachitatu, The Republic of Thieves, la 2013, ndipo iye ndi Locke akupikisana pa chisankho mumzinda wa Karthain, wina mbali iyi wina mbali iyo. M'buku lachiwiri, Red Seas Under Red Skies, la 2007, muli Zamira Drakasha, mayi wa ana awiri amene ndi kaputeni wa sitima ya achifwamba a panyanja, ana akewo ali m'sitima momwemo. Zikuoneka kuti mlembi anapita nakula.

Wa ku Chanco
Kudikira mabuku awiri kuti mkazi ayankhule yekha, anti, ndi ulendo wautali. Koma ndiwerenga.

Mlongoti
Monga woyang'anira gulu ndingokumbutsa kuti za buku lachiwiri ndi lachitatu tisaulule zambiri, ena sanafikeko. Pitirizani.

Wakujoni
Ine ndifunse za chinthu chimene chinanditopetsa: timagawo tija tobwerera m'mbuyo. Nkhani yafika pokoma, Locke ali m'madzi akumira, mutu ukutha, ndiye tsamba lotsatira tabwerera zaka zambiri kumbuyo kukaona ana akuphunzira zina. Pomvera pa foni zimandisokoneza kwambiri, nthawi zina ndimayesa ndadumpha gawo.

Aphunzitsi a ku Dedza
Achimwene, timagawo timeneto ndiye msana wa buku. Taonani mmene amatiikira. Asanakuonetseni Jean akumenyana ndi alongo awiri aja a Berangia, amene ntchito yawo ndi kulimbana ndi shaki pamaso pa chikhamu, wayamba wakuonetsani Jean ali kamnyamata konenepa kolira, kamene makolo ake amalonda anapsa ndi moto, kodziwa masamu kuposa onse. Wakuonetsani akupita kwa Don Maranzalla kukaphunzira nkhondo m'munda wa maluwa agalasi amene amamwa magazi a aliyense wowakhudza, ndi mmene anasankhira tinkhwangwa take tiwiri. Pofika pa ndewu ija simufunsanso kuti munthu mmodzi angagonjetse bwanji akatswiri awiri.

Chachikulu ndi ichi. Ali ana, Locke ankamenyedwa ndi mtsogoleri wa kagulu kena ka anyamata. Anapeza njira: kumukakamira mdaniyo osamusiya, kulola kumenyedwa, mpaka Jean afike. Ukawerenga koyamba umangoti ndi nkhani ya ana. Ndiye kumapeto, m'sitima yakale imene inali likulu la bambo ake a Nazca, Locke akumenyana ndi Gray King, munthu wodziwa lupanga kutalitali, wavulala, watsala pang'ono kufa. Akumukakamira chimodzimodzi n'kuchita ngati waona Jean kumbuyo kwake. Jean kulibe, ali chigonere ndi mabala. Gray King akucheuka, ndipo kucheuka komweko ndiye imfa yake. Bodza lomaliza la m'bukuli ndi laling'ono kuposa onse, lopanda zovala, lopanda ndevu zomata, koma linagwira chifukwa mdaniyo ankadziwa kuti Jean amabweradi. Mukachotsa gawo la ubwana lija, mathero amenewa alibe mchere.

Wakujoni
Apa ndagonja aphunzitsi. Koma ena mwa magawowo, monga ija ya masewera a mpira wamanja ndi munthu wosunga chakukhosi zaka zambirimbiri, akanatha kuchotsa.

Nachisale
Imeneyo ine ndinaikonda, chifukwa ikukuuza mtundu wa anthu a ku Camorr, kuti saiwala. Ndipo ikukonzera njira Gray King. Tiyeni tikambe za iyeyu, chifukwa ndi pamene mutu wanga wazungulira kwambiri. Ku Camorr kuli pangano lachinsinsi pakati pa Capa Barsavi, mfumu ya mbava zonse, ndi akuluakulu a boma. Mbava zisakhudze mabanja a mabwana ndi apolisi, ndipo boma liziyang'ana kumbali. Ndiye aziberedwa ndani? Amalonda wamba, amisiri, anthu a m'makwalala. Olemera anagula mtendere wawo ndi matumba a anthu ena. Bambo ake a Gray King anali wamalonda amene anakana pangano limeneli, ndipo Barsavi anapha banja lonse, kupatula ana atatu amene anapulumuka: Luciano ndi alongo ake amapasa, omwe aja a Berangia. Anadikira zaka 22. Alongowo analowa ntchito yolondera Barsavi yemweyo, kumadya naye, kudikira tsiku. Kunena zoona, mlandu wake ndi womveka kuposa wa Locke. Locke amaphwanya panganolo chifukwa choti kubera mabwana kumamukoma. Luciano akuliphwanya chifukwa linamuphera amayi ake ndi abambo ake.

Bambo a Yamikani
Apa ndiye tagwirizana mayi. Pangano lija ndi chinthu choona kwambiri m'buku lonse, ndipo silifuna matsenga kuti ulimvetse. Wakuba nkhuku amaonekera kukhoti msanga kuposa wakuba mamiliyoni, izi tonse timazidziwa. Ine mpaka pakati ndinali kumbali ya Gray King. Anandisiya pamene anafuna kuwononga ana. Ziboliboli zija anapereka ngati mphatso ku phwando la mfumu pa nsanja ya Raven's Reach, zodzaza ndi mwala uja utsi wake umapha nzeru, munthu n'kutsala ngati chiweto chongoyenda. M'nsanjamo munali ana a mabwana ambirimbiri amene sanabadwe n'komwe pamene banja lake linkaphedwa. Ndipo apa ndivomereze: Locke anali atathawa kale m'nsanjamo, akanatha kupita kukapha mdani wake nthawi yomweyo. Anabwerera kukachenjeza anthu omwe amafuna kumupachika. Chimenecho ndinamupatsa ulemu. Koma Benjavier sindinamuiwale.

Wa ku Chanco
Nanga Falconer mukumuona bwanji? Kwa ine ndiye chofooka cha bukuli. Nkhani ya ukathyali imakoma chifukwa aliyense akusewera ndi nzeru. Ndiye mwadzidzidzi pakubwera mfiti yaganyu yochokera ku Karthain, yoti ikangodziwa dzina lako lenileni n'kulisoka kapena kulilemba, thupi lako limamvera iyo. Imatha kuteteza munthu kuti malupanga asamulase, ili ndi kabawi wa poizoni, ndipo ukaipha anzake onse amabwera kudzafafaniza mtundu wako. Gray King sanapose Locke nzeru, anangolemba ganyu munthu wamatsenga. Zili ngati pa bawo wina akubweretsa mfuti.

Wakujoni
Koma ndi mfuti yodula, aise. Buku likunena kuti kulemba ganyu mfiti imeneyi ndi ndalama zoti ngakhale mabwana amachita kuganiza kawiri, n'chifukwa chake anafunika kulanda chuma cha anyamata aja. Ndipo kugwa kwake kunachokera pa dzina lomwelo. Analemba dzina loti Locke poganiza kuti wamugwira, osadziwa kuti munthuyu ngakhale dzina limene anzake amamuitanira kuyambira ali mwana si lake. Jean anagwidwa chifukwa dzina lake ndi lenileni. Wabodza anapulumuka chifukwa cha bodza lake loyamba. Zimene anamuchita pambuyo pake, kumudula zala zonse ndi lilime kuti asaphe koma asadzachitenso matsenga, zinandivuta kumvera. Ndinatsitsa mawu.

Anaphiri ku Leeds
Nkhanza zilimo zambiri, ndipo kutukwana ndiye osanena. Amene mukufuna kupatsa ana a sekondale muyambe mwaliwerenga nokha. Mwana wanga wa zaka 14 anandipempha, ndinamuuza kuti adikire.

Aphunzitsi a ku Dedza
Pali chimodzi chimene sitinachikhudze, ndipo kwa ine ndi chimene chimayankha funso la mayi Nachisale. Ndalama. Anyamatawa anaba ndalama zoposa 40,000 za kwawoko, chuma choti akanagula nyumba ndi minda n'kukhala mabwana. Anazichita chiyani? Zinangokhala m'chipinda chapansi. Kwa Barsavi ankapereka msonkho wochepa ngati timbava ta wamba, iwo n'kumagona pansi pa kachisi. Chains anawaphunzitsa kuba koma sanawaphunzitse kudya zimene aba. Ndiye kumapeto, chuma chonse chija chili m'sitima ya Gray King, imene inaima padoko ponamizira kuti muli mliri kuti anthu asayandikire. Locke akanatha kunena zoona, a Salvara n'kubwezeredwa zawo. M'malo mwake akunamiza Doña Vorchenza kuti ndalama zabisidwa m'mabwato onyamula ndowe, ndipo sitima ija imizidwe msanga chifukwa ndi yoopsa. Sitima ikumira ndi chuma chonse. Chifukwa chiyani? Pa chipembedzo chawo cha mulungu wa mbava, mnzako akafa umataya m'madzi chinthu chakuba ngati nsembe yake. Locke anapereka zonse chifukwa cha Calo, Galdo ndi Bug, iye n'kutuluka mumzindamo wopanda kanthu, ali ndi mabala okhaokha ndi Jean.

Ine ndaikapo abale ambiri. Ndikudziwa mmene munthu umafunira kuchita chinthu chachikulu pamaliro, choposa mphamvu zako, ngakhale ukudziwa kuti wapitayo sachiona. Anthu amagulitsa ng'ombe yomaliza. Pamene sitima ija imamira ndinamumva mnyamatayu.

Bambo a Yamikani
Ndamva aphunzitsi, ndipo pamenepo mpokhudza mtima. Komabe zina mwa ndalama anamizazo sizinali zake. Nsembe yopereka ndi chuma cha eni ake ndi yosavuta.

Aphunzitsi a ku Dedza
Zoona. Pa chikhulupiriro chawocho nsembeyo imayenera kukhala yakuba, koma zimenezo sizimubwezera Don Salvara kanthu. Sindikutsutsani.

Nachisale
Ine ndabwerera pa gawo la Meraggio masana ano nditaweruka, ndaliwerenganso pang'onopang'ono. Bambo a Yamikani, ulendo uno ndinamuona Benjavier, ndipo gawolo silinakomenso ngati poyamba. Koma Bug ndikumulirabe. Ziwirizi zakhala pamodzi mumtima mwanga ndipo palibe chimene chikuchotsa chinzake.

Anaphiri, lachiwirilo ndi lofanana ndi loyambali?

Anaphiri ku Leeds
Limayamba ndi kufuna kubera nyumba ya juga yotchedwa Sinspire mumzinda wa Tal Verrar, kenako nkhani ikukhotera kunyanja. Ena amadandaula kuti lili ngati mabuku awiri osokedwa pamodzi, ine ndinalikonda chifukwa cha Jean. Ndikuchenjezeni chabe kuti mlembi anakonza zoti mabukuwa adzakhale asanu ndi awiri, ndipo chitulukireni lachitatu mu 2013 anthu akhala akudikira lachinayi, The Thorn of Emberlain, zaka ndi zaka. Mwini wake ananena poyera kuti wakhala akuvutika ndi matenda a nkhawa ndi kukhumudwa. Ine sindimudandaula, ndaona mmene matenda amenewo amagwetsera munthu. Ubwino wake loyambali limatha palokha, mutha kulekera pomwepo osamva kuti mwasiyidwa panjira.

Wa ku Chanco
Mayi Nachisale, mnzanga wa chipinda chimodzi wakhala akuwerenga nane zokambiranazi, zonse zaululidwa kale koma akuti akulifunabe. Langa ndinabwereka ndipo ndinabweza. Mungatibwereke?

Nachisale
Ndikubwerekani, koma chikuto chinayamba kale kuthothoka ndiye mulimate ndi tepi. Mchimwene wanga akupita ku Zomba Loweruka, ndimupatsira. Ndilembereni kumbali kuti tigwirizane pokumana. Mnzanuyo akafika pa Benjavier adzatiuze ngati anaseka kapena ayi.

Bambo a Yamikani
Akamaliza ku Zomba libwere kuno. Langa ndinapatsa munthu, ndipo ndikufuna ndionenso gawo la nsembe lija aphunzitsi anena, la dzino la shaki. Ndinaliwerenga mothamanga.